Kachitsulo ka pa Windo la Agogo

Ukayamba ntchito yosamalira okalamba ku England amakuphunzitsa kunyamula munthu osathyoka msana, kuwerenga mapepala a mankhwala, ndi kusataya kanthu ka mwini nyumba usanamufunse. Ziwiri zoyambazo ndinazigwira bwino. Chachitatucho ndinachiphwanya mu Meyi 2012, m'nyumba ya bambo wina wa zaka 88, pamudzi waung'ono wa m'chigawo cha Lincolnshire, ndipo zimene ndinachita pofuna kukwirira mlanduwo zinaipa kuposa mlandu weniweniwo. Ngakhale akazi anga nkhaniyi ndinawafotokozera modula. Lero ndiinena yonse.

Mwini nyumbayo ndinkawatchula kuti agogo, iwonso anazolowera. Maso awo anali atafooka kwambiri. Kuwala ankakuona, zithunzithunzi za anthu ankaziona, koma nkhope ayi, moti chilichonse ankachidziwa ndi zala. Zoti anamenya nawo Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ndinkazidziwa, poti pabalaza panali chithunzi cha anyamata asanu ndi awiri ataima pansi pa phiko la chindege chakuda. Koma kwa ine nkhondo imeneyo inali ya asilikali akwathu a King's African Rifles amene anapita ku Burma, ndi chipilala chija cha ku Zomba chimene tinkachiona tili m'minibasi. Za ndege ndinalibe nazo mutu. Atamva kuti Malawi ndiye Nyasaland wakale, agogo anandiuza kuti gulu loyamba kulandira ndege za Lancaster linali 44 Squadron ya ku Waddington, kufupi ndi Lincoln, imene inkadziwika ndi dzina la Rhodesia, ndiponso kuti anyamata ambiri a RAF, gulu la asilikali a m'ndege a Britain, anakaphunzirira kuuluka ku Southern Rhodesia. Anathera pomwepo. Za iwo eni sankakamba.

Lincolnshire ndi dziko lathyathyathya, la minda ya tirigu, mbatata ndi kabichi. Nthawi ya nkhondo minda yambiri inasanduka mabwalo a ndege zoponya mabomba, ndipo mpaka lero ukamayenda umapeza zigamba za konkire pakati pa mbewu, ndi nsanja zakale zopanda mawindo. Ku Coningsby amasunga Lancaster imodzi imene imaulukabe. Padziko lonse zouluka zatsala ziwiri, inayo ili ku Hamilton, ku Canada. Nyengo yotentha ikafika, ya ku Coningsby ija inkadutsa nthawi zina pamwamba pa mudzi wathu. Mkokomo wa mainjini ake anayi a Merlin ukangomveka, agogo ankaika supuni pansi, kupendeketsa mutu, osayankhulanso mpaka utazilala.

Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala kutali, anaimba kuti akubwera, ndipo ine ndinafuna kuti adzapeze nyumba ikuwala. Ndinakolopa, ndinachapa makatani, ndinafika pa windo la kuchipinda kwa agogo. Pamenepo panali timapepala ta mapiritsi totha, timabatire takale ta chothandizira kumva, ndi kachitsulo kena kopepuka, kukula kwake ngati chikhatho. Kanali kopindika, mbali imodzi yakuda, inayo yobiriwira mofeluka, pakati pali bowo lokhadzuka m'mbali. M'maso mwanga kanali ngati chitini chopondedwa ndi galimoto. Ndinakasesera m'thumba pamodzi ndi zinazo, n'kukaponya m'bini ya zitini ndi mapepala. Agogo anali pabalaza, chitseko chili chotsegula, ndipo kufunsa kukanangotenga mpweya umodzi. M'mawa mwake galimoto ya zinyalala inabwera.

Mlungu womwewo kunafika kalata. Pa 28 Juni chaka chimenecho Mfumukazi Elizabeth inkayembekezeka kutsegula chipilala chokumbukira anyamata a Bomber Command, gulu la ndege zoponya mabomba, ku Green Park, mu London, ndipo agogo anali atapeza malo pamwambowo. Ndinawawerengera kalatayo, kenako anati ndibwereze. Sindinawaonepo akusangalala chotero. Anali atadikira zaka 67. Anyamata pafupifupi 125,000 anauluka m'ndege za gulu limeneli, onse ochita kudzipereka okha, ambiri a iwo asanakwanitse zaka 25, ndipo 55,573 anafa. Komabe nkhondo itatha boma silinawapangire mendulo yawoyawo, ndipo anthu ankachita manyazi kuwatchula. Chifukwa chake chinali chimene mabombawo anachita pansi. Ku Hamburg, mu Julayi 1943, moto unapha anthu pafupifupi 40,000. Ku Dresden, mu Febuluwale 1945, unapha pafupifupi 25,000, nkhondo ili pafupi kutha. Akuluakulu amene analamula zimenezi anatembenuza nkhope, manyazi n'kutsalira anyamata amene anatumidwa. Ine ndimaona kuti kumeneko kunali kusalungama, ngakhale kuti amene anapsa m'mizinda ija nawonso anali anthu, ambiri a iwo amayi ndi ana.

Usiku umenewo ndikuwagoneka, agogo anati, "Mwana wanga, tandipatsa kachitsulo kanga ka pawindo. Ndidzapita nako ku London m'thumba la jekete."

Nkhongono zinandithera. Ndinapita pawindo, ndinasuntha katani, ndinagwada n'kumapapasa pansi ngati ndikufunafuna, chonsecho ndikudziwa kumene kanapita. Ndiye ndinati, "Mwina kagwera kuseri kwa bedi, agogo. Ndikayang'ana bwino mawa kukacha." Anati chabwino, n'kutembenukira kukhoma. Bodza loyamba linatuluka mosavuta chonchi, ndipo ena onse anabadwira pamenepo.

Kutacha ndinachita chinthu chimene pantchito yathu n'choletsedwa kotheratu. Ndinawakhazika pampando, ndinawayatsira wailesi, ndinawaikira tiyi pafupi, n'kuwasiya okha m'nyumba. Ndinathamangitsa galimoto kupita kumtaya wa khonsolo. Ogwira ntchito kumeneko anandiuza kuti galimoto zotola m'makomo sizitsitsira pamenepo, koma mutu wanga unali utaima, mawu awo sanalowe. Atangotembenuka ndinakwera m'chibokosi chachikulu cha zitsulo n'kuyamba kuvundukula mapoto akale, mafelemu a njinga ndi mawaya. Lata lina linandicheka pachikhatho, magazi chuchuchu. Anandikalipira n'kunditsitsa, ndipo anali ndi chifukwa. Mmodzi, ataona kuti misozi ili m'maso, anandimanga bandeji n'kundilozera fakitale imene amasankhirako zinyalala. Kumeneko sindinapitirire pageti. Bambo wa pageti anandimvera chisoni, koma anandiuza zoona: makina amapatula aluminiyamu payekha, amamupanikiza m'mabelo, mabelowo n'kupita kukasungunulidwa. Za mlungu umenewo zinali zitachoka kale. Madzi akatayika saoleka.

Nditabwerera ndinapeza agogo atakhala pansi m'kakhonde ka mkati. Anafuna kupita kuchimbudzi okha, mwendo unawakana, ndipo analephera kudzuka. Sanavulale, koma anali atazizidwa ndipo ankanjenjemera. Ndinawanyamula, ndinawasambitsa, ndinawafunditsa. Anandifunsa kumene ndinali, ine n'kunena kuti ndinakagula mkaka. M'buku limene timalembamo zochitika za tsiku sindinalembemo kanthu.

Pamenepo mpata woulula unalipo. Ine ndinatsegula intaneti pakati pa usiku.

Sindinkadziwa kuti pali msika wa zinthu zoterezi, koma ulipo. Anthu amagulitsa zidutswa za ndege zankhondo, mabawuti, magalasi a mawotchi a m'ndege, zigamba za mapiko. Ndinapeza kachidutswa kofanana kukula ndi kaja. Wogulitsayo analemba kuti n'ka Lancaster imene inagwa mu 1944, ndipo kanakumbidwa m'munda wina ku Holland. Mawu amenewo ndinawawerenga, ndipo mtima wanga unakondwa, poti kwa ine ankatanthauza chinthu chimodzi chokha, kuti katunduyo ndi weniweni. Ndinalipira ndalama imene ndinkayenera kutumiza kumudzi mwezi umenewo. Masiku odikira ndinawadzaza ndi mabodza ang'onoang'ono: ndasuntha bedi sindinakaone, mwina kali m'makatani amene ndinachapa, mwina kalowa m'makina opopera fumbi.

Katafika kanali ndi fumbi loyera la dzimbiri la aluminiyamu, ndi dothi m'timabowo ta misomali yake. Pakati panalibe bowo. Ndinakatsuka ndi sopo. Kenako ndinalowa m'kashedi ka kuseri kwa nyumba, ndinakaika pathabwa, ndinatenga msomali waukulu ndi hamala ya agogo omwewo, n'kukaboola. Bowolo ndinalikulitsa ndi sikuludiraiva. Mbali imodzi ndinaipaka polishi wakuda wa nsapato. Pochita zonsezi manja sananjenjemere n'komwe, ndipo ichi ndicho chimandiwawa koposa ndikamakumbukira.

"Ndakapeza, agogo. Kanapanikizika pakati pa bedi ndi khoma."

Analandira ndi manja awiri, nkhope ikumwetulira. Zala zinayenda m'mbali, zinafika pakati, zinaima. Anakasendeza kumphuno. Kumwetulira kuja kunazimiririka pang'onopang'ono.

"Aka si kanga," anatero. "Bowo langa milomo yake inapindikira mkati, ndipo chala changa chimalowa mpaka pa mfundo yachiwiri. Ili waboola ndi munthu. Likununkha polishi. Wakatenga kuti?"

Ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kuulula zonse, kuyambira pa bini, kumtaya, mkaka wabodza uja, mpaka pa hamala. Ankamvetsera ali chete. Koma nditatchula za munda wa ku Holland, anatambasula dzanja n'kuika kachitsuloko patebulo mosamala kwambiri, kenako anapukuta zala pa bulangete.

"Ndege yanga inabwerako," anatero. "Iyi sinabwereko. Munali anyamata asanu ndi awiri mmenemo. Iwe wakagula chidutswa cha manda awo, wachiboola ndi msomali, wandibweretsera m'chipinda mwanga. Khala apo. Ndikuuze chimene unataya."

Sanandiuze pondikhululukira. Anandiuza kuti ndidziwe. Ziwerengero zimene ndiikemo pano ndinazipeza pambuyo pake m'mabuku a pashelefu yawo, amene ndinayamba kuwawerengera madzulo, koma zina zonse zinachokera pakamwa pawo usiku umenewo.

Lancaster inkanyamula anthu asanu ndi awiri: woyendetsa, injiniya wake, wolondolera njira, woponya mabomba, wa wailesi, ndi owombera mfuti awiri, wina pamsana pa ndege, wina kumchira. Agogo anali wa kumchira, ali ndi zaka 19. Malo awo anali kachipinda kozungulira, ka zitsulo ndi galasi la pulasitiki, kothina moti mawondo ankagunda mfuti zinayi za Browning. Munthu ankalowamo ndege isananyamuke, zitseko ziwiri n'kutsekeka kumsana kwake, ndipo kwa maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ankayang'ana kumbuyo, mumdima, anzake osawaona, akungomva mawu awo m'makutu. Owombera ambiri ankachotsa galasi la pakati kuti aziona bwino, poti kadontho ka mafuta pagalasi kankaoneka ngati ndege ya adani. Ndiye mphepo ya kumwamba, yozizira nthawi zina mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, inkawomba pankhope. Ankavala suti yotenthetsedwa ndi magetsi, ndipo waya wake ukaduka zala zinkauma. Parachuti sinkakwana m'kachipindamo. Inkakhala m'thupi la ndege, kuseri kwa zitseko zija. Zinthu zikavuta, munthu ankayenera kuwongola kachipindako, kutsegula zitseko, kukoka parachuti, kuimangirira pachifuwa, kuzunguzanso kachipindako chammbali, n'kudzigwetsa chagada mumlengalenga. Aliyense ankayenera kumaliza maulendo 30 asanapumitsidwe. Mwa ndege 7,377 za mtunduwu zimene anapanga, 3,249 zinatayika pankhondo.

Usiku wa pa 30 Malichi 1944 anawatumiza ku Nuremberg. Zinanyamuka ndege 795. Akuluakulu ankayembekezera mitambo yoti iwabise, koma mitambo sinabwere, mwezi unawala, ndipo kuzizira kunachititsa kuti ndege iliyonse izisiya mizere yoyera ya nthunzi kumbuyo kwake. Njira imene anawajambulira inali ndi chigawo chowongoka cha makilomita oposa 400, chodutsa pafupi ndi malo amene ndege za Germany zosaka usiku zinkasonkhanirana. Agogo, poti ankayang'ana kumbuyo, anaona zonse. Anati ndege ikagundidwa pankayamba kadontho kofiira paphiko, kadonthoko n'kukula, kenako chimoto n'kumatsika mozungulira mpaka kukaphulika pansi. Poyamba ankauza wolondolera njira kuti azilemba malo amene iliyonse yagwera. Zitachuluka, woyendetsa anawauza kuti asiye kuwerenga. Usiku umenewo ndege 95 sizinabwerere, ndipo anafa anyamata 545. Mzinda wa Nuremberg sunawonongeke kwenikweni. Ndege zambiri zinasochera ndi mphepo, zina n'kukaponya mabomba ku Schweinfurt.

Chimene anyamatawo sankadziwa n'chakuti ndege zina za adani, za Messerschmitt Bf 110 ndi Junkers Ju 88, zinali ndi mizinga yoloza kumwamba, imene eni ake ankaitcha Schräge Musik. Lancaster inalibe mfuti kapena diso kumimba. Mdani ankangozembera pansi pake, kuyenda nayo limodzi mwakachetechete, n'kuwombera paphiko, pakati pa mainjini, pamene panali matanki a mafuta. Wa kumchira akanayang'anitsitsa chotani, sakanamuona. Agogo anati zimenezi anazimva nkhondo itatha, ndipo kwa zaka zambiri izi zisanadziwike kwa iwo ankadziimba mlandu kuti anaphethira pa nthawi yolakwika.

Iwo anawagunda akubwerera. Anangomva ndege yonse ikugwedezeka, ndi fungo la utsi. Anakuwa kwa woyendetsa kuti agwetsere ndege kumanzere, ndipo woyendetsayo anaitsitsa mwamphamvu, kuikweza, kuipotoza uku ndi uku monga ankawaphunzitsira, mpaka mdani anawataya. Injini yakunja ya phiko lamanzere inali ikuyaka. Injiniya anaizimitsa, anaimitsa pulopela yake, moto n'kuzima. Koma injini imeneyo ndiyo inkapopa mafuta ozunguzira kachipinda ka kumchira. Kachipindako kanaima kali chopendekera. Panali chogwirira chopukusa ndi dzanja, koma chidutswa cha chipolopolo chinali chitapinda njanji yake, osasunthika. Zitseko zinaloza pakona, theka kuthupi la ndege, theka kumphepo, ndipo parachuti inali mkono umodzi kuchokera pamsana pawo, kosafikika. Woyendetsa anaitana aliyense ndi dzina. Onse anayankha kupatula wa pamsana.

Apa agogo anapuma nthawi yaitali. Wa pamsanayo anali mnzawo wa pamtima, wa zaka 20. Anaphunzira limodzi kuwombera, ankagona mabedi oyandikana, ankabwerekana njinga popita kumudzi wapafupi. Wa wailesi anakwawa kupita kumbuyo ndi tochi, kudumpha chimtanda chachikulu cha mapiko chimene chinkadutsa pakati pa ndege, ndipo anamupeza atalendewera pampando wake. Anabwera kwa agogo, anamenya zitseko ndi nkhwangwa, zinakana. Woyendetsa anafunsa ngati anthu akufuna kudumpha. Aliyense ankadziwa kuti wa kumchira sangatuluke. Palibe anadumpha.

Kudumpha nakonso sikunali chipulumutso chodalirika. Khomo lothawira la kutsogolo kwa Lancaster linali la masentimita pafupifupi 56 m'lifupi ndi 67 m'litali, ndipo munthu wovala zovala zochindikala ndi parachuti ankapanikizikapo, ndege ikuzungulira mumdima. Pa anyamata 100 alionse a m'ma Lancaster ogwetsedwa, opulumuka anali pafupifupi 15, pomwe m'ma Halifax, ndege zina zoponya mabomba zimene khomo lake linali lokulirapo, anali pafupifupi 25. Ndipo zimene zinachitikira agogo zinachitikiranso ena. Usiku wa pa 12 Juni 1944, pamwamba pa France, Andrew Mynarski wa ku Canada, wowombera wa pamsana mu 419 Squadron, anadutsa m'moto kukayesa kumasula mnzake wa kumchira, Pat Brophy, amene anatsekeredwa chimodzimodzi. Zinakanika, zovala zake zinagwira moto, anadumpha akuyaka ndipo anamwalira ndi mabalawo. Brophy anagwa ndi ndegeyo n'kupulumuka, ndipo ndiye anadzafotokoza nkhaniyi. Mynarski anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, ndipo Lancaster ija ya ku Hamilton imauluka m'dzina lake.

Ndege ya agogo inawoloka nyanja ndi mainjini atatu, ikutsika pang'onopang'ono. Sanayese kufika kwawo ku Lincolnshire. Analunjika ku Woodbridge, ku Suffolk, limodzi mwa mabwalo atatu amene anamangidwira ndege zovulala, ena awiriwo ali ku Manston ndi ku Carnaby. Msewu wake wotera unali wautali kuposa wa mabwalo wamba, ndiponso wotambalala kangapo, kuti ndege yopanda mabuleki kapena yophulika tayala ipeze pothera. Anatera kukucha. Amakaniko anachita kudula zitsulo kuti awatulutse, ndipo miyendo yawo sinkatha kuima.

Dzuwa litatuluka anazungulira ndegeyo. Anati mabowo anali paliponse, paphiko, pamchira, pamimba, ena oti munthu n'kulowetsamo mutu, ndipo makaniko wina anawauza kuti asadabwe, poti mabowo amene amaoneka pa ndege yobwerako ndi amene ndege imatha kupirira, enawo amaonedwa ndi alimi a ku Holland ndi ku Germany. Pansi pa mpando wa mnzawo uja panali chigamba cha lata chikulendewera, chili ndi bowo limodzi lolowera mkati. Agogo anachigwedeza mpaka chinathothoka, n'kuchiika m'thumba. Anamaliza maulendo awo 30 chili m'thumbamo. Anakwatira, anabereka, anagwira ntchito, anaika maliro a akazi awo, chili pawindo. Kawirikawiri asanagone ankalowetsa chala pabowolo, ndipo ine, amene ndinkawagoneka, sindinazindikirepo kuti dzanja lawo limapita kuwindo kukatani.

"Mayi a mnzanga uja ndinakawaona nkhondo itatha," anatero. "Ndinafuna kuwapatsa. Anakana, anati ndisunge ineyo. Ndasunga zaka 68."

Ndinapepesa, koma mawu anali ochepa. Iwo anangoti ndizimitse nyale.

M'mawa ndinalemba zonse m'buku la zochitika, kuphatikizapo tsiku lija ndinawasiya okha n'kuwapeza pansi. Ndinaimbira mwana wawo, ndinaimbiranso kuofesi imene inandilemba ntchito. Mayiwo anabwera tsiku lomwelo. Za kachitsulo analira, koma za kugwa kwa bambo awo anakwiya kwambiri, ndipo panalibe choti ndiyankhe. Akuofesi anandiitanitsa, anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza, ndipo anali okonzeka kutumiza munthu wina. Agogo ndiwo anakana. Anati safuna kuyambanso kuphunzitsa mlendo mmene amamwera tiyi, ndipo mnyamatayu tsopano akudziwa. Komabe kwa milungu ingapo ankandiyankha mawu amodziamodzi, ndipo m'chipinda mwawo ndinkasesa iwo ali momwemo, chilichonse ndikuchitchula ndisanachikhudze.

Mayiwo ndiwo anandiuza za lamulo la ku Britain la 1986, loletsa kukumba kapena kutenga zotsala za ndege zankhondo zimene zinagwa popanda chilolezo cha unduna wa zachitetezo. Chifukwa chake n'chomwe agogo ananena: malo ambiri otere ndi manda. Ndege yogwa kuchokera kumwamba kwambiri inkalowa m'nthaka yofewa mamita angapo, anthu ali momwemo. Ku Runnymede, kufupi ndi mtsinje wa Thames, kuli chipilala cha mayina oposa 20,000 a asilikali a m'ndege amene manda awo sadziwika. Tinalembera wogulitsa uja kumufunsa dzina la mudzi ndi nambala ya ndegeyo, kuti mwina kachitsuloko kabwerere kwawo. Sanayankhe.

Ku London agogo anapita ndi mwana wawo. Ine ndinatsala, ndipo mwambowo ndinauonera pa TV: ziboliboli zisanu ndi ziwiri za anyamata obwera kuulendo, atatopa, ena akuyang'ana kumwamba, ndi Lancaster ya ku Coningsby ikudutsa n'kumwaza maluwa ofiira a mapepala. Atabwerako anayamba kundiyankhulanso bwino. Anandiuza kuti padenga la chipilalacho pali aluminiyamu wa Halifax ina ya gulu la ku Canada, imene inagwa ku Belgium mu Meyi 1944 n'kufukulidwa m'dambo mu 1997, anyamata atatu akadali m'malo awo. Atatuwo anaikidwa m'manda mwaulemu, abale awo alipo, kenako zitsulozo anazisungunula kuti zikafolere anzawo onse. Anandiuzanso kuti pakhoma pali mawu okumbukira anthu a mayiko onse amene anafa ndi mabomba a nkhondoyo, ndipo anapempha mwana wawo kuti awayendetse zala pamawuwo. Anati anthu a pansi aja amawaganizira kwambiri tsopano kuposa ali mnyamata, poti nthawi imeneyo ankangoona moto, osati nyumba.

Kachitsulo kogula kaja kanali kakadali m'nyumba, m'envelopu, pamwamba pa kabati. Agogo sankafuna kuti kagone m'chipinda mwawo, komanso sankalola kuti katayidwe. Mu Julayi anaganiza zoti tikapereke ku kanyumba kena kosungira zakale, kamene anthu odzipereka amayendetsa pa bwalo lina lakale la ndege m'chigawomo. Ndinawakankha panjinga yawo ya olumala mpaka patebulo la bambo wolandira zinthu. Bamboyo anakatembenuza, anayeza mipata ya misomali yake, anati n'ka ndege ya Britain ya nthawi imeneyo ndithu, koma popanda nambala palibe anganene kuti ndi iti kapena munali ndani. Anavomera kukasunga m'bokosi la zidutswa zosadziwika mwini. Kenako anaika galasi lokulitsa pabowo lija, anakwinya nkhope, n'kunena kuti ili si la nkhondo, ndi latsopano, ndipo m'kaundula ayenera kulemba mmene linabwerera, kuopa kuti wina m'tsogolo angadzaliyese la chipolopolo.

Agogo sanayankhe. Anatembenuzira mutu kumene ndinaima.

"Ndinaboola ndine, bambo," ndinatero. "Ndi msomali, mu Juni chaka chino."

Anandifunsa dzina, ndinamuuza, ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi, ndipo analemba.